Dazi la pa Kapeti ya a Lusayo

Mukafika pa Boma la Phalombe n'kufunsa kuti Belita woluka amakhala pati, munthu amayamba waseka kaye asanakulozereni njira. "Uja womasula zinthu uja?" Eya, yemweyo. Dzina limeneli sanalitole pa Boma pano ayi, anabwera nalo kuchokera kwawo kwa Jenala.

Belita anabadwira m'banja la alimi a nandolo ndi chinangwa, amene makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki kalekale. Mayi ake ankaluka mikeka ya mlaza, ndipo sanali munthu wotaya mawu. Mwana akafuna kudziwa kalukidwe katsopano, iwo sankamugwira dzanja kapena kumufotokozera. Ankangomuponyera mkeka wakale n'kuti, "Masula uone mmene walowera. Ukatha ubwezere." Basi, sukulu yake inali yomweyo. Ndiye Belita anakula akukhulupirira ndi mtima wonse kuti chilichonse cholukidwa ndi manja chimamasuka, ndipo chikamasuka chimabwerera. Anamasula mikeka, anamasula zipewa, tsiku lina anamasula dengu la alamu ake iwo ali kumunda, n'kulibwezera asanaweruke. Alamuwo anangodabwa kuti dengu lasiya kutaya ufa.

Manja ake anali abwino, zimenezo palibe ankatsutsa. Mikeka yake inali yothina, yamizere yobiriwira ndi yofiira, yoti mutayanikapo mapira simutola ndi kambewu kamodzi komwe pansi. Anakwatiwa ndi a Davison, bambo wofatsa wopalasa kabaza, ndipo moyo unkayenda bwinobwino mpaka chaka cha namondwe wa Freddy. Madzi anasefukira n'kutenga munda, nyumba, ndi mulu wonse wa mlaza umene anali atauunjika kuseri. Awiriwa anasamukira kufupi ndi Boma, n'kuchita lendi kanyumba ka chipinda chimodzi.

Koma anthu a pa Boma inu! Mkeka wa mlaza amaugwira, amauyamikira, kenako amakagula wa pulasitiki, uja umawotcha matako dzuwa likakwera. Belita anaona kuti akangodalira mikeka agona ndi njala. Anapeza ntchito yochapa ndi kusesa kwa a Lusayo, mayi wa ku Karonga wogwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, amene ankakhala okha m'nyumba ya boma. Ntchito imeneyi ndiyo inkaika ufa m'nyumba masiku amene kabaza yavuta, ndipo masiku otero anali ambiri.

Pabalaza pa a Lusayo panali kapeti. Inali yofiira moderako, ya maluwa ndi timasamba tabuluu tozungulira m'mbali monse, pakati pake pali duwa lalikulu ngati la dzungu. Masiku oyamba Belita ankangoilambalala ndi tsache, poganiza kuti ndi za m'sitolo, zopangidwa ndi makina. Tsiku lina anaipinda m'mphepete kuti akolope pansi, maso n'kugwera kuseri kwake.

"Mayo ine!"

Maluwa onse a pamwamba aja analiponso kuseri, koma kumeneko ankaoneka kuti ndi timfundo, ting'onoting'ono, tondondozana, tina tokhota pang'ono. Makina sakhotetsa choncho. Belita anagwada pomwepo, chokolopera chikudontha m'manja.

"Madamu, ichi anachiluka ndani?"

A Lusayo anasuzumira ali kukhitchini. "Kapetiyo? Ndi ya manja imeneyo, Mayi Belita. Bambo anga ankayendetsa mathiraki a ku Dar es Salaam. Anaigula kumeneko kwa mwenye wina wa kudoko, ine ndili wamng'ono. Ankati inachokera ku Peresiya, kumene amayi amakhala pansi miyezi ndi miyezi akumanga mfundo imodziimodzi."

"Ndi manja? Manja ngati angawa?"

"Ngati anuwo." A Lusayo anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Bambo atamwalira, abale anagawana zina zonse. Ine ndinangopempha iyi yokha."

Kuyambira tsiku limenelo Belita anagwidwa. Akamasesa, maso pa kapeti; akamasita, maso pa kapeti. Kunyumba anapsereza nyemba akujambula maluwa ndi chala padothi. Ankafunsa a Davison, ngati kuti iwo anafikako ku Peresiya, kuti kodi mfundo imaima bwanji chilili osagwa, nanga ubweya wa pamwambawo umachokera kuti. A Davison anapirira, anapirira, mapeto ake anati, "Mayi, ngati kapeti imeneyi yakufunsirani ingonenani, ine ndikalongedze zanga."

Ndiye inafika nthawi ya tchuthi. A Lusayo ankapita kwawo ku Karonga mpaka kutha kwa mwezi. M'mawa wonyamuka anaitana Belita n'kumuika makiyi m'manja.

"Muzitsegula mawindo mphepo izilowa. Kapetiyi muitulutse padzuwa, muikunthe fumbi. Koma osaichapa."

Belita analandira ndi manja awiri, mtima uli myaa. Chichokereni kwa Jenala, pa Boma pano anali mlendo wongobwera ndi madzi, palibe ankamudziwa makolo ake. Lero munthu wamusiyira nyumba yonse, ndi wailesi yakanema yomwe. Makiyiwo anawamanga pansonga ya chitenje, ndipo panjira ankawagwiragwira kuti amve ngati alipo.

Mawa lake anatulutsa kapeti, anaikuntha bwinobwino, n'kuiyala pakhonde. Anakhala pambali pake akuisisita. M'pamene anaona bwino dazi. Cham'mphepete, mbali imodzi, panali malo aakulu ngati chikhatho pamene ubweya unatheratu, ulusi woyera wa m'kati uli poyera, wosalala, wothimbirira.

"Apa m'pofa kale," anatero Belita. "Apa palibe angalire napo."

Tisamunamizire, anayesa kudziletsa. Anapita kukatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale. Anathirira maluwa. Anabwerera, anakhala pansi, anadzukanso. Koma munthu amene analeredwa pomasula mikeka mungamusiye yekha ndi choluka chachilendo, padzuwa, popanda womuona? Anamasula phini pabulauzi, anatembenuza kapeti, n'kutokosa mfundo imodzi.

Inatuluka. Ha! Anatokosa ina. Tsopano anayamba kuona: pali ulusi woimirira, pali ulusi wopingasa, ndiye mfundo iliyonse yakumbatira maulusi awiri oimirira n'kutulutsa timichira take pakati. Timichira timeneto ndito ubweya wa pamwamba uja! Belita anaomba m'manja yekhayekha. Koma za padazi zinali zoperewera, zodyeka, ndiye anasunthira pamene ubweya unali wathunthu kuti aone mfundo yamoyo. Anachotsa yofiira, anafuna kuona ngati yabuluu imamangidwa chimodzimodzi. Anatsata tsamba kuti aone mmene limakhotera. Ankayankhula yekha, ankaseka, njala osaimva. Pamene ankadzutsa mutu, mthunzi unali utachoka pakhonde, ndipo dazi la chikhatho lija linali litakula ngati mbale ya ndiwo.

"Chabwino. Tsopano tibwezere."

Anatola kaulusi kamodzi pa timene anachotsa. Kanali kafupi, kosafika ndi chikhadabo chomwe. Anayesa kukapinda ndi zala, kanapulumuka. Anayesa ndi phini, kananyenyeka. Apo m'pamene anazindikira vuto. Mlaza ndi wautali, umaumasula n'kuulowetsanso mmene unadzera. Koma mwini kapetiyi ankamanga mfundo n'kudula, kumanga n'kudula. Chodulidwa ungachibwezere bwanji? Ali kakasi choncho, kamphepo kanabwera kuchokera kuphiri la Michesi n'kuulutsa theka la timaulusi tija, nkhuku za oyandikana nawo n'kuyamba kutithamangira.

Madzulo a Davison atabwera kudzamutenga anamupeza atakhala pakhonde, manja ali kunkhongo.

"Kwagwanji, mayi?"

"Ndamasula."

"Mwamasula chiyani?"

Anangoloza. A Davison anatsamiritsa njinga, anayang'ana, anavula chipewa. "Mayi, mwatiphetsa. Ya malemu bambo awo ija?" Anazungulira kapeti uku ndi uku. "Tiikepo mpando. Mpando ukakhala pamenepa, ndani aone?"

"Munthu wandisiyira makiyi, ine ndimubisire ndi mpando? Ayi, abambo. Ndaononga ndine, ndikonza ndine. Ikulungeni, muikweze panjinga."

Chimene chinachitika masabata otsatirawo anthu oyandikana nawo amachikambabe. A Davison anapeza felemu ya windo yakale, anakhomera misomali pamwamba ndi pansi, Belita n'kukunga ulusi wa khonje kuti aziphunzirirapo asanakhudze kapeti ya eni. Koma ulusi wa mfundo aupeza kuti? Anatenga kamodzi ka timaulusi totsala tija n'kukayatsa ndi machesi. Kananunkha ngati mutu wa mbuzi akamauwaula. Anayatsa ulusi wa m'sitolo umene amalukira zipewa za ana, unasungunuka n'kuuma gwa ngati jumbo yopsa. Basi, anadziwa: ufunika ubweya weniweni wa nkhosa.

Tsiku la msika anakwera kabaza ya amuna ake ulendo wa ku Migowi, molunjika pa kaunjika. Anafika pa mulu wa majuzi wa mayi wina dzina lake Eveles. Akatola juzi, amasolola kaulusi m'kati mwa mkono, machesi khwee, n'kununkhiza. Kutola ina, khwee, kununkhiza.

"Mayi inu!" anakuwa Eveles. "Mwabwera kudzagula kapena kudzandiwotchera katundu?"

"Pepani achemwali, ndikufuna yonunkha mbuzi."

"Yonunkha chiyani? Anthuni, tabwerani mudzamve kuno!"

Anthu anaunjikana, kuseka mpaka kugwira nthiti. Belita analibe nazo ntchito. Anachoka pamenepo ndi juzi yofiira, ina yabuluu, ndi kasikafu koyera, zonse zonunkha mbuzi.

Kumasula juzi, aaa, imeneyo ndiye inali ntchito yake yobadwa nayo. Ulusi unatuluka wopotanapotana, iye anaufukiza pa nthunzi ya ketulo mpaka unawongoka. Wofiira uja unali wowala kwambiri, psuu, pamene wa kapeti unali wokhwima. Anauwiritsa m'masamba a tiyi, unada mopitirira. Anayesa makungwa a mbawa, anachepetsa, anawonjezera, akuyanika timaulusi pachingwe n'kumakatiyerekeza ndi kapeti padzuwa. A Davison anamwa madzi otentha a shuga okha sabata imeneyo, masamba onse atathera mumphika wa utoto.

Mfundo ndiyo inamuvuta. Akamanga imasololoka, akakoka imapotoza ulusi woimirira. Zala zinatupa. Mwezi nawo unali ukupita, sunkamudikira. Tsiku lina masana, atatopa, anasiya zodula ulusi tizidutswa, anangoulowetsa wautali mu singano. Anaudutsitsa pamwamba pa maulusi awiri, anazungulira wa kumanzere n'kutulukira pakati, anazungulira wa kumanja n'kutulukiranso pakati, anakoka. Mfundo inakhala, nga! Anaikoka ndi mphamvu, m'malo momasuka inathinirathinira. Kudula kumabwera pambuyo!

Belita anaimba nthungululu yoti amayi a nyumba zoyandikana anatuluka akuthamanga, ena ndi zitenje m'manja, poganiza kuti kwabadwa mwana. Anamupeza akuvina mozungulira felemu ya windo.

Tsopano anayala kapeti yeniyeni chafufumimba pamiyendo. Za maluwa sanavutike nazo, chifukwa anali ataona kuti kapetiyi mbali zake ndi mapasa: tsamba lililonse la kumanja lili ndi mnzake kumanzere, longotembenuka. Ankaloza ndi phini mbali yamoyo, n'kumanga mbali yakufa, mzere ndi mzere, akutsendera ndi foloko yodyera kuti mfundo zithinane.

Ndipo potsata mfundo za munthu wina chonchi, anayamba kumudziwa mwini wake. Panali malo pamene kufiira kunasintha pang'ono mzere wonse. "Apa ulusi unamuthera mnzanga, anakanyika wina," ankatero. Pena tsamba linafupika poyerekeza ndi mnzake. "Apa mwana analira, anadzuka kukayamwitsa." Ankamutcha mnzanga wa ku Peresiya, ndipo ankakangana naye mokweza. "Iwe, apa unathinitsa bwanji chonchi? Unakwiya ndi amuna ako eti?" A Davison ankangopukusa mutu ali panja akupopa njinga.

Atatseka pamene anamasula paja sanaime. Aimirenji? Anapitiriza mpaka dazi lonse lakale linadzaza. Anameta timichira ndi sizasi, anasalaza ndi lumo, anasisita ndi mwala wosalala kuti ubweya ugone mbali imodzi ndi unzake. Kenako anaitana a Davison.

"Pezani."

A Davison anagwada, anapapasa, anapita mbali ina, anabwerera. Analoza malo olakwika.

"Mwalephera!" Belita analumpha ngati mtsikana. Mantha onse aja anali atasanduka chimwemwe. Iye, Belita wa kwa Jenala, waluka zimene amaluka ku Peresiya! Ndipo Madamu akabwera apeza kapeti ya bambo awo yabwinonso kuposa mmene anaisiyira. Kodi pali mphatso yoposa imeneyo?

Tsiku lobwera a Lusayo, Belita anavala chitenje chake chopitira kutchalitchi. Anakolopa nyumba, anayala kapeti pamalo pake, n'kumangosuzumira kumsewu. Minibasi inawatsitsa dzuwa litapendeka, ali ndi chikwama ndi kathumba ka mpunga wa kwawo. Belita anawalandira katundu, koma moni weniweni sanamalize n'komwe.

"Madamu, lowani muone! Taonani kapeti yanu. Pezani pamene panali dazi paja!"

A Lusayo anaima pakhomo la pabalaza. Anayang'ana pansi. Kumwetulira kumene anabwera nako kunazimirira pang'onopang'ono. Anavula nsapato, anaponda pa kapeti, n'kuyamba kufufuza ndi phazi cham'mphepete muja, uku ndi uku.

"Lili kuti?"

"Ndalikonza, Madamu! Ndinamasula pang'ono kuti ndione mmene analukira, ndiye zinandivuta, koma ndinapeza ubweya weniweni ku Migowi, ndinaunyika ndekha, mfundo zake ndi zomwezo ndithu, ngakhale abambo kunyumba alephera kupeza..."

A Lusayo anali atakhala pampando, dzanja lili pakamwa, misozi ikutsika.

"Mayi Belita, anakuuzani ndani kuti mukonze?"

Belita anagwada pansi.

"Mpando wa bambo anga unkakhala apa," anatero a Lusayo. "Atasiya ntchito maso anafa. Ankangokhala pamenepa kumvera wailesi tsiku lonse. Koma phazi lakumanja silinaiwale thiraki. Chidendene pansi, phazi likugwedera, ngati akuponda moto pamsewu wa ku Dar. Tinkawaseka, iwo ankati akadali pa ulendo. Zaka ndi zaka, mpaka ubweya unatha. Dazi limene lija ndi chidendene chawo, mayi. Ndikaweruka nditatopa ndimaika phazi langa pamenepo."

Belita anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Anali atayang'ana kapeti imeneyi mpaka kudziwa pamene mayi wa ku Peresiya anadzuka kukayamwitsa, koma sanadzifunse ngakhale kamodzi kuti dazi analipanga ndani.

"Pepani, Madamu. Ine ndimayesa m'pofa."

"Chotsani."

Belita anakweza maso.

"Chotsani zimene mwaikazo."

Sanatsutse. Anasolola singano imene anaibaya pabulauzi, anapinda kapeti, n'kuyamba kutokosa mfundo zake zomwe. Zinali zomangika bwino, zinkakana kutuluka. Misozi inkagwera pa ubweya. Inatuluka ina, inatuluka ina, mpaka panaoneka kamalo kokwana chala chachikulu. Ulusi wa m'kati unaonekera, koma sunali wosalala ndi wothimbirira ngati kale. Unali wokandika ndi singano, wodetsedwa ndi utoto wa mbawa.

A Lusayo anatsika pampando, anagwada, anakhudza kamaloko ndi chala. Kenako anagwira dzanja la Belita.

"Basi, siyani. Ngakhale muchotse zonse, si lomwe lija."

Kenako Belita anamasula nsonga ya chitenje, anachotsa makiyi, n'kuwapereka ndi manja awiri, mutu uli pansi. A Lusayo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndakwiya nanu, Mayi Belita. Sindikubisirani, ndakwiya kwambiri." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma mukanatha kuikapo mpando n'kukhala chete. Makiyi sungani. M'chikwamamo muli zovala zakuda zofunika kuchapa."

Belita ananyamula chikwama. Atafika pakhomo lotulukira kuseri anacheuka. A Lusayo anali atakokera mpando m'mphepete mwa kapeti, pamalo pake penipeni. Anakhala, anatsinzina, anaika chidendene pa ubweya watsopano uja, phazi n'kuyamba kugwedera pang'onopang'ono.